Chala ndi Theka

Mumsewu uja aliyense ankadziwa kuti dzanja la a Chipeso analipha ndi mng'ono wawo. Ankadziwa chifukwa eni ake ndiwo anawauza, ndipo a Chipeso akayamba kukuuza nkhani sankakusiya mpaka uvomere ndi mutu.

Dzinali analitengera chipeso cha mchira wautali chimene sichinkachoka m'tsitsi mwawo. Ndi chomwecho ankagawira mizere pamutu pa kasitomala, ndi chomwecho ankakandira msana, ndipo akamatukwana munthu ankamuloza nacho pamphuno. Saluni yawo inali kachipinda kamodzi: mipando iwiri, galasi lalikulu long'aluka pakona, draya yolira ngati ikufuna kuuluka, benchi ya odikira, ndi windo limodzi loyang'ana kumsewu. Kuluka ankakudziwa mayi uja, pamenepo tisawanamizire. Mizere yawo inkawongoka bwinobwino ndipo sinkamasuka msanga. Vuto linali lakuti ankakoka. Ukachoka pampando wawo nsidze zinkakhala zitakwera, ndipo ukadandaula ankakuyankha kuti ofuna tulo azipita kunyumba, pano n'pokongoletsa anthu.

Mng'ono wawo, amene onse ankangomutchula kuti Mzime poti ndiye anabadwa pomaliza, anakulira m'manja mwa a Chipeso. Makolo atamwalira, iwo ndiwo anamusambitsa, kumuveka, kumukokera kusukulu, ndipo sukulu itamukanika anamuimika kuseri kwa mpando n'kumuphunzitsa kugwira tsitsi. Mwana anaphunzira, n'kuphunzira mopitirira muyeso. Iye ankaluka osakoka, moti ana ankagona tulo ali pampando wake. Posakhalitsa azimayi anayamba kulowa, kupereka moni kwa a Chipeso mwaulemu wonse, kenako n'kukhala pabenchi kudikira Mzime, mpando wa eni saluni uli wopanda munthu. Zimawawa zimenezo. Munthu unamupukuta mamina, lero anthu akukudutsa ngati chitseko kuti akafike kwa iye.

Ndiye m'mawa wina Mzime ananena kuti wapeza chipinda, akufuna kuyamba zake. A Chipeso anafunsa kuti chipindacho chili kuti. Mzime analoza pawindo. Misewu yonse ili m'tauni muja, iye anakapeza malo tsidya la msewu womwewo, khomo kuyang'anizana ndi khomo, maso ndi maso. Anati ndi pomwe panapezeka chipinda chopanda munthu. A Chipeso sanadikire kuti amalize, anatukula dzanja kuti amuwaze khofi ngati kale. Koma khofilo silinafike. Mzime anawagwira dzanja lija apa povala wotchi, n'kulisunga m'mwamba mpaka linatsika lokha.

"Achemwali, ndakula," anatero, n'kutenga chikwama chake.

Tsiku lomwelo a Chipeso anakokera mpando pawindo. Anaika chigongono chakumanja pa simenti ya m'mphepete mwa windolo, chibwano m'dzanja, maso dwii tsidya lija. Anaona chikwangwani chikupachikidwa. Anaona makatani apinki. Anaona makasitomala awo, mmodzimmodzi, akufika pakati pa msewu, kunamizira kuyankha foni, n'kukhotera kwa Mzime. Aliyense anamusunga mumtima, nsapato zake ndi zomwe. Kukalowa wogula meshi kapena mafuta a tsitsi ankamupatsa ndi dzanja lamanzere osadzuka, chifukwa ukaphethira umaphonya wolakwa wina. Anakhala choncho nyengo yozizira yonse, yotentha n'kuwapeza pomwepo.

Dzanzi linayamba mwakachetechete. Kachala kakumapeto kanayamba kumveka ngati ka munthu wina. Kenako nyerere zinayamba kuyenda m'mbali mwa dzanja, kenako ululu wowotcha womwe unkathamanga mkono wonse mpaka kuwadzutsa kutulo. Munthu wina akanachita mantha. A Chipeso ululu unawapweteka, inde, koma unawakomeranso. Apa ndiye anapeza umboni. Si dzanja lomwe lija anagwira mwana uja? Anagula bandeji yoyera mbee, kukulunga povala wotchi, n'kulengeza kuti kuluka aima kaye poti mng'ono wawo anawapotokola dzanja mpaka kudula mtsempha.

Nkhani ija anainyamula ndi mayi wa pagolosale yoyandikana nawo, mayi wa mawu aakulu amene ankagulitsa sopo ndi miseche pa kauntala imodzi. Pofika kumapeto kwa msewu, Mzime anali atawagwetsa pansi achemwali ake n'kuwaponda dzanja ndi nsapato ya gogoda. A Chipeso atamva zimenezo sanatsutse. Anangopukusa mutu n'kunena kuti Mulungu yekha ndiye akudziwa.

Koma miseche yokha sinawakwanire. Ankafuna mawu a dokotala, onenedwa pamaso pa abale, kuti Mzime agwade. Kuchipatala chaching'ono anawabaya chala kuyeza shuga, anapeza ali bwino, anawapatsa mapiritsi opha ululu n'kuwatumiza kuchipatala chachikulu kwa dokotala wa mitsempha. A Chipeso anapita kwa achimwene awo, bambo wowotcherera zitsulo, wa maso ofiira ndi mawu ochepa, amene ankaweruza za pabanja chimwalirireni makolo. Anawauza kuti tsiku limenelo asiye mageti awo, abwere, ndipo abwere naye Mzime, wokondedwa wawoyo, adzamve yekha zimene anachita. Achimwene anayesa kunena kuti chibale ndi fupa sichiwola. A Chipeso anayankha kuti mlandunso suwola.

Tsikulo anavala diresi ya kutchalitchi ndi bandeji yatsopano. Pabenchi ya chipatala anakhala kumapeto kuno, Mzime kumapeto uko, achimwene pakati ngati mpanda.

Adokotala anali mayi wachikulire wovala magalasi, wosafulumira pa chilichonse. Anafunsa kuti vuto n'chiyani, ndipo a Chipeso anayambira pa maliro a mayi awo. Anadutsa pa yunifolomu za sukulu, pa malungo amene anamudwazika Mzime, pa makatani apinki, mpaka kufika pa dzanja. Adokotala anamvetsera zonse. Kenako anati ululu wa mkono uli ndi makomo ambiri olowera. Mitsempha imene ankanena si ija ya magazi ayi, koma ija yonyamula uthenga, imene imachokera m'khosi n'kutsika mpaka kunsonga za zala ngati mawaya a magetsi. Waya ukhoza kupanikizika m'khosi momwemo mafupa akayamba kutha, ukhoza kupanikizika paphewa, pachigongono, kapena povala wotchi. Shuga amaiwononga, mowa umaiwononga. Ngakhale mtima umatha kutumiza ululu kumkono, makamaka munthu akamakwera chitunda chifuwa n'kumathina. Ndiye asananene kuti wolakwa ndani, anati ayambe afunsa dzanjalo.

Anamasula bandeji n'kuwauza kuti atsinzine. Ndi kathonje anakhudza chala chachikulu. A Chipeso anati akumva. Chamkombaphala, akumva. Chapakati, akumva. Pa chala cha mphete adokotala anakhudza mbali yoyang'ana chapakati, a Chipeso anati akumva, anakhudza mbali inayo, a Chipeso anangokhala duu kudikira kuti akhudzidwe. Kachala kakumapeto, zii. Anatembenuza dzanja n'kukhudza kuseri kwake, kumbali ya kachala komweko, nakonso zii.

"Chala ndi theka," anatero adokotala, ngati akudziuza okha.

Anawapendeketsa mutu, kuutembenuza uku ndi uku, kukanikiza pang'ono pamwamba, n'kufunsa ngati ululu ukutsika mkono. Sunatsike. Ndiye anafika povala wotchi paja. Apa a Chipeso anakonzeka. Adokotala atangogogoda ndi chala, iwo anabuula mokweza, diso limodzi lili pa Mzime. Adokotala anafunsa modekha ngati kugogodako kukuthamangira ku zala. A Chipeso anaganiza kaye, chifukwa sankadziwa yankho lowakomera, kenako anati kukungopweteka basi. Adokotala anapinda dzanja lija n'kulisunga chopinda kwa kanthawi, palibe chinachitika. Kenako anakweza mkono, kufufuza kuseri kwa chigongono, mkati mwake muja muli kangalande pakati pa mafupa, n'kugogoda kamodzi kokha.

Apa panalibe zokonzekera. Moto unang'anima kuchoka pachigongono mpaka ku kachala, a Chipeso anadumpha pampando, chipeso chinagwa m'tsitsi n'kukagwera pansi pa tebulo. Anachitola ndi Mzime.

Kenako anawalowetsa m'kachipinda ka makina. Anawamata timawaya padzanja ndi pamkono, n'kumawagwiritsa timagetsi tating'onoting'ono, zala zikudumpha zokha. Atabwerera, adokotala anawapatsa pepala kuti alipane pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, iwo n'kumakoka. Kumanzere pepala linakana kuchoka. Kumanja chala chachikulu chinapindika, pepala n'kusololoka pang'onopang'ono. A Chipeso anati pepalalo ndi loterera.

Adokotala anafotokoza kuti uthenga ukuyenda bwinobwino podutsa povala wotchi, koma ukafika pachigongono ukuchedwa ngati galimoto pamsewu wa maenje. Mtsempha wapanikizika pamenepo. A Chipeso anafunsa kuti nanga kupotokola kuja. Adokotala anati kanthambi kamene kamamvetsa kuseri kwa dzanja kamapatuka pamwamba, mtsempha usanafike povala wotchi. Vuto likanakhala pamene anagwidwapo, kuseriko bwenzi akumva. Komanso mtsempha wovulazidwa ndi munthu umalira tsiku lomwelo, sudikira kuti nyengo isinthe. Uwu ndi mtsempha wotsamiridwa, tsiku ndi tsiku, pa chinthu cholimba. Anatembenuza chigongono chija n'kuonetsa khungu lake, lakuda ndi lokhakhala ngati chidendene.

"Mayi, chigongono ichi mumatsamira pati?"

A Chipeso anayang'ana kalendala ya pakhoma. Achimwene anayang'ana nsapato zawo.

"Pawindo, adokotala," anatero Mzime, mawu ali pansipansi. "Kuyambira potsegula mpaka potseka. Amayang'ana pakhomo panga."

Achimwene anatsokomola. Mpaka lero palibe akudziwa ngati chinali chifuwa kapena kuseka, koma a Chipeso anamva kuseka. Manyazi anawakwera kuchokera kumapazi, kufika m'makutu n'kutseka. Adokotala anapitiriza kulankhula. Anati windolo alisiye, pogona azikulunga thaulo pachigongono kuti mkono usapindike, ndipo zikapanda kusintha pali opareshoni yomasula mtsemphawo. Anagwira kamnofu ka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kunena kuti kayamba kuphwa, chifukwa mtsempha womwewu ndi umene umapatsa mphamvu timinofu ta m'dzanja, tomwe timapana ndi kutsina. Akachedwa, mphamvuyo ikapita sibwerera. Zonsezi zinanenedwa momveka, achimwene anamva, Mzime anamva. A Chipeso ankangomva magazi akuwomba m'makutu. Pa zonse za tsiku limenelo anatolapo mawu atatu okha, chala ndi theka.

Ali panja achimwene anati nkhani yatha, aliyense apepese mnzake, iwo ali ndi geti la anthu lowadikira. Mzime anawapatsira chipeso chija. A Chipeso anachilanda osamuyang'ana, n'kukakwera basi ina.

Tisawanamizire, poyamba anayesa. Ululu unali utawatopetsa. Anabweza mpando pagalasi, anakulunga thaulo pogona, bandeji anaisiya m'kabati. Masiku atapitapo nyerere zija zinayamba kuchepa, ndipo m'mawa wina atakhudza kachala kaja anamva ngati kakuyankha chapatali. Anakondwa, mpaka anaimba posesa.

Chimwemwecho anachithira madzi ndi mayi wa pagolosale. Anasuzumira pakhomo, kuona dzanja lopanda bandeji, n'kunena kuti kani zinali zazing'ono, anthu amangokulitsa nkhani. Anati iye anamva kuti ati ndi windo, Mzime akuuza anthu choncho. Anaseka kuti nkhani yake ndi yopanda pake, koma anaiseka mokoma kwambiri, moti a Chipeso anadziwa kuti pofika madzulo ikhala itafika kumapeto kwa msewu. Madzulo omwewo anaona azimayi awiri amene anali atasiya kupita kwa Mzime chifukwa cha nkhani ya dzanja akuwoloka msewu, osanamiziranso ngakhale foni. Mmodzi anayang'ana pawindo lawo, n'kugunda mnzake ndi chigongono. Onse awiri anaseka.

A Chipeso anatseka chitseko n'kukhala pampando wa makasitomala, kuyang'ana dzanja lawo. Apa anaona bwinobwino mmene zinthu zinalili. Dzanja likachira, Mzime wawina. Iwo adzakhala mayi uja anadzipweteka yekha ndi nsanje, anthu azidzagundana zigongono akamadutsa mpaka tsiku la maliro awo. Koma mawu a adokotala anamva ndi anthu atatu okha, m'chipinda chotseka. Msewu sumva za timawaya. Msewu umaona ndi maso.

Ndiye anawerengera ngati munthu wodziwa ntchito yake. Anatambasula dzanja n'kuyendetsa zala m'malere ngati akuluka. Chachikulu, chamkombaphala, chapakati. Kuluka ndi zala zitatu zimenezi. Kachala kakumapeto kamagwira ntchito yanji, kupatula kukanda m'khutu? Cha mphete, mphete yake iti, poti mwamuna wawo anapita kalekale? Dokotala yemweyo wanena yekha kuti chala ndi theka. Chala ndi theka akhoza kupereka. Anthu amapereka zoposa pamenepo pa milandu yaing'ono.

M'mawa mwake mpando unabwerera pawindo. Thaulo linabwerera kubafa. Bandeji inatuluka m'kabati, ndipo ulendo uno anaimanga mosiya zala panja kuti zizioneka. Anaika chigongono pa simenti, n'kuchisuntha pang'ono mpaka anapeza kangalande kaja, pamene moto umayambira. Anatsamira pomwepo, ndi thupi lonse.

Zinawawa, musaganize kuti sizinawawe. Masiku ena misozi inkatsika yokha, ndipo odutsa ankaima kufunsa. A Chipeso anasiya zolongolola. Ankangotukula dzanja, kuliyang'ana, kuyang'ana tsidya la msewu, n'kupukuta misozi. Nkhani ya windo ikatchulidwa ankafunsa modekha kuti mumsewu muno ndani satsamira chigongono. Telala amatsamira, wa pagolosale amatsamira pa kauntala tsiku lonse, bwanji zala zawo zili bwino? Funso limenelo linagwira anthu. Mayi wa pagolosale anayang'ana chigongono chake, n'kunena kuti iye anakayikira kuyambira pachiyambi, madokotala a masiku ano ukawasekerera amanena zimene ukufuna, ndipo kamtsikana kaja kusekerera kamakudziwa.

Pang'ono ndi pang'ono zala ziwiri zija zinayamba kupindika. Kachala kakumapeto kanatalikira kumbali n'kukhota, cha mphete n'kutsatira, mpaka dzanja linkaoneka ngati phazi la nkhuku. Ululu unachepa, n'kusanduka kuzizira. A Chipeso ankaliika pawindo ngati katundu wogulitsa. Ana a sukulu ankachedwa pamenepo kuliyang'ana. Azimayi ankagwira pakamwa. Ndipo funso lina limene a Chipeso analibzala mwa mayi wa pagolosale linamera msewu wonse: munthu wopundula mchemwali wake amene anamulera, mutu wako angauchite chiyani?

Benchi ya Mzime inayamba kuchepa anthu. A Chipeso ankamuona ataima pakhomo pake, manja ali m'thumba la epuloni, akupereka moni kwa anthu oyankha ndi mphuno. Wina anamulembera mawu oipa pachitseko ndi makala, iye n'kutsuka yekha m'mawa anthu akuona. Tsiku limenelo a Chipeso anadya bwino.

Achimwene anabwera kamodzi, ananena kuti zimene akuchitazi ndi uchitsiru, dokotala ananena kuti dzanja lonse lifooka. A Chipeso anawayendetsera zala zitatu zija pamphuno n'kufunsa ngati zimenezi zikuoneka zofooka. Anawauza kuti za zitsulo azidziwa iwo, za zala awasiyire eni ake. Achimwene anavala chipewa n'kupita. Sanali munthu woyenda khomo ndi khomo kukonza mbiri ya wina.

Mzime naye anawoloka msewu, masana dzuwa lili pamutu, anthu akuona. Anali ataonda. Anaima panja pa windo, chifukwa pakhomo sakanaloledwa, n'kuyang'ana dzanja lija nthawi yaitali. Anati wamva kuti opareshoni ija ikanathekabe, iye awaperekeza, adzawaphikira ndi kuwachapira mpaka achire. Anati ngati vuto ndi saluni yake, achoka, akafuna malo kwina. Anangopempha chimodzi, kuti achotse chigongono pa simentipo lero lomwe.

"Yamba wachoka," anatero a Chipeso.

"Ndikachoka mupita kuchipatala?"

"Ukachoka ndimasula bandeji, ndiyambe kuluka. Uziti wakula uli kutali."

Mzime anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma mayi wa pagolosale anali atatuluka kale ndi tsache, kusesa malo oyera. Anangotembenuka n'kuwoloka.

Sanachoke msanga. Anapirira ndithu mwana uja, mpaka mvula inagwa n'kusiya, ndipo nthawi yonseyo chigongono chinali pamalo pake. Koma munthu sungaluke mipando. M'mawa wina kunabwera kagalimoto ka bokosi kumbuyo. A Chipeso anaona draya ikukwezedwa, galasi litakulungidwa m'bulangete, makatani apinki atapindidwa. Chikwangwani anachitsitsa ndi achimwene, osayang'ana tsidya lino ngakhale kamodzi. Mzime anakwera kutsogolo. Galimoto itayamba kuyenda anatembenuka n'kuyang'ana pawindo, ndipo a Chipeso anamutukulira dzanja lopindika lija n'kumubayibitsa nalo.

Kukoma kwake kunali kosaneneka. Anadzuka pampando, msana ukulira, n'kusesa saluni yonse ndi dzanja lamanzere. Anapukuta galasi. Anatsegula paketi yatsopano ya meshi n'kuipachika pamsomali. Anauza mayi wa pagolosale kuti auze anthu kuti Loweruka a Chipeso abwerera pantchito, olumala kapena osalumala, zala zitatu zikwana, anthu adzaone kusiyana kwa mphunzitsi ndi wophunzira.

Loweruka benchi inadzaza. Ena anaima panja. Anabwera onse aja ankanamizira foni, nkhope zili zachisoni, aliyense akunena kuti iye sankapita kuja mwa kufuna kwake. A Chipeso anawalandira ndi ulemu wozizira, kuwayang'ana mmodzimmodzi mpaka aliyense anagwetsa maso. Mayi wa pagolosale anati woyamba ndi iye, poti ndi amene anaima nawo pa mavuto onse. Anakhala pampando, kuvula duku, n'kunena kuti akufuna mizere ing'onoing'ono yobwerera kumbuyo, ija ya kale.

A Chipeso anamasula bandeji pang'onopang'ono, kuti onse aone, n'kuiponya m'bini. Anasolola chipeso m'tsitsi. Pogawa mzere woyamba chipesocho chinapendama n'kugwera pamiyendo pa kasitomala. Anthu anaseka mwaulemu kuti manja aiwala. A Chipeso anasekanso, n'kugawa mzerewo ndi dzanja lamanzere. Unakhota pang'ono, koma unali mzere.

Anatapa tsitsi la pachipumi n'kuligawa patatu. Dzanja lamanzere linagwira mbali yake. Lamanja linapita pamalo pake lokha, monga linkachitira zaka zonse, chala chachikulu kukumana ndi chamkombaphala. Anapana. Chala chachikulu chinapindika, tsitsi n'kusololoka. Anatapanso. Anapana ndi mphamvu zonse, mpaka mkono unanjenjemera kufika paphewa, koma zala zija zinkangokhudzana ngati zikupatsana moni. Pofuna kudutsitsa chamkombaphala pansi pa chingwe cha tsitsi, chalacho chinakana kupita kumbali. Apa ndi pamene analiyang'ana dzanja lija bwinobwino, osati mbali imene ankaonetsa anthu, koma mbali yogwira ntchito. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala panali dzenje loti n'kusungamo madzi. Pakati pa mafupa a kuseri kwa dzanja panali timigula. Zala zitatu zija zinalipo, zinkamva kukhudza kulikonse, tsitsi lililonse zinkalimva likudutsa, koma kugwira sizinkagwira.

Anapukuta dzanja pa epuloni ngati vuto ndi mafuta. Anayesanso. M'galasi ankaona benchi yonse, azimayi atamasula kale tsitsi lawo, ena atagwira meshi pamiyendo, onse maso ali pa zala zawo. Wina kumapeto anayamba kubweza duku kumutu mwakachetechete.

Mayi wa pagolosale, amene sankaona zochitika pamutu pake, anadzikonza pampando n'kuweramitsa khosi.

"Musandimvere chisoni, asisi. Kokani ngati kale, ine mutu wanga ndi wolimba."

A Chipeso anatapa tsitsi lija kachinayi, n'kukoka. Tsitsi linatsala pomwe linali.